Georges Lemaître: wansembe yemwe adafufuta yekha umboni wa zomwe adatulukira

Mu Okutobala 2018, akatswiri a sayansi ya zakuthambo 4,060 a m'mayiko osiyanasiyana adaponya voti pa intaneti pofuna kukonza nkhani yomwe idachedwa ndi zaka 91. Bungwe lawo la International Astronomical Union lidawafunsa ngati n'koyenera kuti lamulo lofotokoza kufutukuka kwa chilengedwe, lomwe mabuku a sukulu akhala akulitcha lamulo la Hubble, lilandire dzina la munthu wachiwiri. Mwa anthu 100 aliwonse, 78 adavomera. Munthu wachiwiriyo adali Georges Lemaître, wansembe wa mpingo wa Katolika wa ku Belgium, yemwe pa nthawiyo adali atagona m'manda zaka 52.

Masiku ano ofufuza a m'mayunivesite amayesedwa ndi manambala. Olemba ntchito ndi opereka ndalama za kafukufuku amafunsa kuti munthu wasindikiza mapepala angati, m'magazini ati, ndipo akatswiri anzake awatchula kangati m'mapepala awo. Kawerengedwe kameneka kadakhazikika m'chaka cha 1964 pomwe Eugene Garfield wa ku America adatulutsa kaundula wotchedwa Science Citation Index, ndipo m'chaka cha 2005 Jorge Hirsch adabweretsa muyeso wa h-index, womwe umafinya ntchito ya moyo wonse wa munthu kukhala nambala imodzi. Muyeso wotere ukadakhalapo m'chaka cha 1929, Lemaître akadaoneka wosanunkha kanthu pa nkhani ya chilengedwe. Pepala lake lalikulu lidali litatuluka zaka ziwiri m'mbuyomo, koma pafupifupi palibe yemwe adalitchula, ngakhale mphunzitsi wake weniweni yemwe adamutumizira kope.

Lemaître adabadwa pa 17 Julayi 1894 ku Charleroi, mzinda wa migodi ya malasha ndi mafakitale m'dziko la Belgium. Adaphunzira kwa ansembe a chipani cha Jesuit, ndipo ali ndi zaka 17 adalowa yunivesite ya Katolika ya Louvain kukaphunzira uinjiniya. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itabuka m'chaka cha 1914, adatseka mabuku n'kudzipereka kuusilikali. Adatha zaka zinayi kunkhondo, nthawi yambiri ali m'gulu la owomba mizinga, ndipo adabwerako ndi mendulo ya Croix de Guerre. Ku uinjiniya sadabwererenso. Adatembenukira ku masamu ndi fizikisi, nalandira digiri ya udokotala m'chaka cha 1920 motsogoleredwa ndi katswiri wa masamu Charles de la Vallée-Poussin. Chaka chomwecho adalowa seminale ku Malines, ndipo adadzozedwa unsembe mu Sepitembala 1923.

Ali kuseminaleko adadziphunzitsa yekha chiphunzitso cha Albert Einstein cha general relativity, chomwe chimafotokoza mphamvu yokoka zinthu ngati kupindika kwa malo ndi nthawi. Zomwe adalemba pa chiphunzitsochi zidamupezetsa thandizo lokaphunzirira kunja. Adakhala chaka chimodzi ku Cambridge m'dziko la England, akuphunzira kwa Arthur Eddington, yemwe pa nthawiyo adali kadaulo wa chiphunzitso cha Einstein ku Britain. Kenako adawoloka nyanja kupita ku America, komwe adagwira ntchito ndi Harlow Shapley ku Harvard College Observatory uku akuchita maphunziro a PhD ku Massachusetts Institute of Technology.

Ulendo wa ku America ndiwo udasintha zonse, chifukwa kumeneko adakumana ndi anthu omwe ankachezera usiku pa matelesikopu. Kuyambira m'chaka cha 1912, Vesto Slipher wa ku Lowell Observatory ku Arizona ankayeza kuwala kochokera ku timitambo tooneka mwachimbuuzi kuthambo. Adapeza kuti kuwala kwa timitambo tambiri kudapendekera ku mtundu wofiira, chizindikiro chakuti tikutalikirana nafe, monga momwe kulira kwa hutala kumatsikira galimoto ikatidutsa n'kumapita. Liwiro lake lidali lozunguza mutu: tina tinkapitirira makilomita 1,000 pa sekondi imodzi. Kenako Edwin Hubble, pogwiritsa ntchito telesikopu yaikulu ya ku Mount Wilson ku California, adatsimikiza kuti timitamboti ndi milalang'amba ina yoima payokha, kunja kwa mlalang'amba wathu. Zimenezi zidalengezedwa kumayambiriro kwa chaka cha 1925.

Oyeza kuthambo adali ndi manambala koma adalibe tanthauzo lake, pomwe akatswiri a masamu adali ndi zithunzi ziwiri za chilengedwe zomwe zonse zidali zolumala. Cha Einstein, cha m'chaka cha 1917, chidali ndi nyenyezi ndi milalang'amba koma chidali chosasuntha, ndipo kuti chisagwe chokha Einstein adachita kuonjezera m'masamu ake nambala yotchedwa cosmological constant, yoimira mphamvu yokankha. Cha Willem de Sitter wa ku Netherlands chinkalola kuwala kupendekera ku mtundu wofiira, koma chidali chilengedwe chopanda kanthu m'kati mwake. Lemaître adali mmodzi mwa anthu ochepa kwambiri omwe ankadziwa bwino mbali zonse ziwiri, ya masamu ndi ya telesikopu.

Atabwerera ku Louvain, adalemba pepala lomwe lidatuluka m'chaka cha 1927. M'pepalalo adaonetsa kuti masamu a Einstein amalola chilengedwe chomwe chili ndi zinthu m'kati mwake komanso chikukula. Milalang'amba sikuthamanga m'malo osasuntha ayi, koma malo omwe ali pakati pake ndi omwe akutambasuka, monga ufa wokanda wothira yisiti umafufumira n'kulekanitsa timbewu tomwe tili m'kati mwake. Ngati zili choncho, mlalang'amba wotalikira kawiri uyenera kuoneka ukuchoka pa liwiro lowirikiza kawiri. Lemaître sadalekere pa masamu. Adatenga milalang'amba 42, liwiro lake kuchokera makamaka ku miyeso ya Slipher ndipo mitunda yake kuchokera ku ntchito ya Hubble, n'kuwerengetsa kuti liwiro limakwera ndi makilomita 625 pa sekondi pa megaparsec iliyonse. Megaparsec ndi mtunda womwe kuwala kumayenda pa zaka 3.26 miliyoni. Lamulo lonse lidali pamenepo, pamodzi ndi chifukwa chake.

Pepalali adalilemba m'Chifalansa ndipo adalipereka ku Annales de la Société Scientifique de Bruxelles, magazini ya bungwe la asayansi Achikatolika ku Brussels. Ambiri ofotokoza nkhaniyi amaloza chala chiyankhulocho, koma chimenecho ndi theka chabe la mlandu. Chifalansa chidali chiyankhulo cholemekezeka cha sayansi, ndipo akatswiri ambiri a ku Ulaya ankachiwerenga. Vuto lidali bwalo. Anthu omwe ankalimbana ndi funso la chilengedwe ankatsegula magazini zina, monga Monthly Notices of the Royal Astronomical Society ya ku London, Astrophysical Journal ya ku America ndi Zeitschrift für Physik ya ku Germany. Palibe yemwe ankayembekezera kupeza yankho m'magazini ya ku Brussels, choncho palibe yemwe adapita kukalifuna kumeneko. Komanso maganizo a anthu adali asanapse. Pafupifupi aliyense ankakhulupirira kuti chilengedwe n'chosasintha.

Umboni wa mfundo yomalizayi ndi Einstein mwini wake. Mu Okutobala 1927 adabwera ku Brussels ku msonkhano wa Solvay, ndipo Lemaître adapeza mpata wocheza naye. Monga Lemaître adadzakumbukira patapita zaka, Einstein adavomereza kuti masamuwo adali olondola koma adanyansidwa ndi tanthauzo lake. Adamuuzanso chinthu chomwe wansembeyo sankachidziwa: kuti Alexander Friedmann wa ku Russia adali atapeza kale masamu a chilengedwe chofutukuka m'chaka cha 1922. Friedmann adasindikiza m'Chijeremani, m'magazini yotchuka ya Zeitschrift für Physik, komabe naye adanyalanyazidwa. Einstein adayamba ndi kunena kuti m'pepalalo mudali cholakwa, kenako adabweza mawu m'chaka cha 1923, koma sadaone kuti nkhaniyo ikukhudza chilengedwe chenicheni. Friedmann adamwalira ndi matenda a typhoid m'chaka cha 1925 ali ndi zaka 37. Iye sadalumikize masamu ake ndi miyeso ya milalang'amba, ndipo mpata umenewu ndi womwe Lemaître adatseka.

M'chaka cha 1929 Hubble adasindikiza pepala lalifupi m'magazini ya Proceedings of the National Academy of Sciences, momwe adaonetsa ndi milalang'amba 24 kuti liwiro limakula molingana ndi mtunda. Nambala yake idali pafupifupi makilomita 500 pa sekondi pa megaparsec. Sadatchule Lemaître, ndipo sadatchulenso Slipher ngati mwini wa miyeso yambiri ya liwiro yomwe adagwiritsa ntchito. Komabe Hubble tisamuchepse. Mitunda yake idali yodalirika kuposa yomwe Lemaître adali nayo, ndipo pofika m'chaka cha 1931 iye ndi Milton Humason adafikitsa miyesoyo ku milalang'amba yakutali kwambiri mpaka okayika adasowa chonena. Chodabwitsa n'chakuti Hubble, yemwe dziko limamutama kuti adatulukira kufutukuka kwa chilengedwe, adakhala wosamala pa mfundoyi mpaka imfa yake m'chaka cha 1953. Ankakonda kunena za liwiro looneka chabe, tanthauzo lake n'kusiyira ena.

Mu Januwale 1930, pa msonkhano wa Royal Astronomical Society ku London, Eddington ndi de Sitter adadandaula kuti palibe chithunzi cha chilengedwe chomwe chikugwirizana ndi zomwe Hubble adapeza. Lemaître adawerenga za msonkhanowo m'magazini ya The Observatory ndipo adalembera Eddington kalata yomukumbutsa kuti yankho adali atamutumizira kale. Eddington adachita manyazi. Adavomera kuti pepalalo adaliiwala, adalitumiza kwa de Sitter, nayamba kulilengeza paliponse, kenako adakonza zoti limasuliridwe m'Chingerezi. Lidatuluka mu Monthly Notices mu Malichi 1931.

Apa ndiye pagona nkhani. M'pepala la Chingerezilo mudalibe ndime zomwe Lemaître adawerengetsamo nambala ya 625 kuchokera ku milalang'amba 42 ija. Wowerenga Chingerezi chokha akadaona masamu okongola, koma sakadadziwa kuti wolemba adali atayeza kale liwiro la kufutukuka zaka ziwiri Hubble asanatero. Popeza mibadwo yotsatira idawerenga ndi kutchula pepala la 1931 osati la 1927, umboniwo udakwiririka. M'chaka cha 2011 akatswiri angapo adadzutsa nkhaniyi, ndipo ena adaganiza kuti padali dzanja lobisika lomwe lidadula ndimezo pofuna kuteteza ulemu wa Hubble.

Mario Livio, wa ku Space Telescope Science Institute ku America, adakafufuza m'makalata akale a Royal Astronomical Society, ndipo zomwe adapeza adazisindikiza m'magazini ya Nature mu Novembala 2011. Womasulira adali Lemaître mwini wake. M'kalata ya pa 9 Malichi 1931 yopita kwa mkonzi William Smart, iye adafotokoza kuti wasiya dala gawo la miyeso ya liwiro chifukwa lidali longoyembekezera ndipo lidali litapitidwa ndi nthawi. Kwa iye, Hubble adali atatulutsa manambala abwino, ndiye padalibe chifukwa chosindikiziranso akale. Ena amaona kudzichepetsa kwa wansembe m'zimenezi. Mwina n'zoona, koma n'zothekanso kuti adali chabe munthu yemwe maso ake adali pa funso lotsatira, wosalabadira za yemwe adafika poyamba. Mulimonsemo, wofufuza wa lero yemwe angachite zotere anzake angamuone ngati wodziponda yekha.

Funso lotsatiralo lidali lalikulu kuposa loyamba. Ngati chilengedwe chikukula, ndiye kuti dzulo chidali chaching'ono, ndipo tikabwerera m'mbuyo mokwanira tifika pomwe zonse zidali pamodzi. Eddington adalemba kuti ganizo lakuti chilengedwe chidali ndi chiyambi linkamunyansa. Pa 9 Meyi 1931 Lemaître adamuyankha m'magazini ya Nature ndi kalata ya mawu osakwana 500, yopanda masamu ngakhale mzere umodzi. Adati chilengedwe chingakhale kuti chidayamba ngati atomu imodzi yokha yomwe idasweka n'kumagawikana, ndipo malo ndi nthawi zidayamba kukhala ndi tanthauzo kusweka kuja kutachitika. Kalata yaifupi imeneyi ndiyo kholo la chiphunzitso chomwe lero chimadziwika kuti Big Bang.

Tisaganize kuti Lemaître adafa wosadziwika. M'zaka za m'ma 1930 nyuzipepala za ku America zinkamukonda kwambiri wansembe wa kolala yoyera yemwe ankajambulidwa pambali pa Einstein ku Pasadena mu Januwale 1933. M'chaka cha 1934 adalandira mphoto ya Francqui, yaikulu kwambiri pa sayansi ku Belgium, ndipo Einstein adali mmodzi mwa omwe adamusankha. M'chaka cha 1936 adalowa m'bungwe la Pontifical Academy of Sciences, ndipo m'chaka cha 1953 adakhala munthu woyamba kulandira mendulo ya Eddington. Ulemu udalipo. Chomwe chinkasowa ndi dzina lake m'munsi mwa mapepala a anzake.

Chizolowezi chake chosindikiza kwawo sichidathe. M'chaka cha 1933 adatulutsanso pepala lalitali m'Chifalansa mu Annales momwemo. M'menemo adapeza masamu ofotokoza kugwa kapena kufutukuka kwa mtambo wozungulira wa zinthu, koma kwa zaka zambiri masamuwo ankadziwika ndi mayina a Richard Tolman ndi Hermann Bondi, omwe adawalemba m'Chingerezi m'zaka za 1934 ndi 1947. M'pepala lomwelo adaonetsa kuti malire a chomwe lero timachitcha black hole si pothera pa malo monga masamu akale ankaonetsera, mfundo yomwe ena adadzaitulukiranso patadutsa zaka zoposa 20. Ngakhale masamu a chilengedwe chofutukuka, mabuku ambiri a Chingerezi ankangowatcha a Robertson ndi Walker.

Adalakwitsanso, ndipo osati pang'ono. Ankakhulupirira kuti ma cosmic ray, tizidutswa tothamanga kwambiri tomwe timagunda dziko kuchokera kuthambo, ndi zotsalira za atomu yoyamba ija, ndipo adathera zaka zambiri akuwerengetsa njira zake pamodzi ndi Manuel Sandoval Vallarta wa ku Mexico. Masamuwo adali othandiza, koma ganizo la chiyambi chake lidali lolakwika. Pa nkhani ina, yomwe anzake ankamuona ngati wamakani, nthawi idamuweruza mokomera. Nambala ya Hubble ya 500 inkatanthauza kuti chilengedwe chili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni awiri, zochepa kuposa zaka za miyala ya dziko lapansi. Mwana sangakule kuposa mayi wake. Lemaître adathetsa vutoli posunga cosmological constant, yomwe Einstein adaitaya m'chaka cha 1931, ndipo m'chaka cha 1934 adaifotokoza ngati mphamvu ya malo opanda kanthu. M'chaka cha 1998 magulu awiri a akatswiri adapeza kuti kufutukuka kwa chilengedwe kukuonjezera liwiro, ndipo nambala yotayidwa ija idabwerera. Ntchitoyi idapezetsa Saul Perlmutter, Brian Schmidt ndi Adam Riess mphoto ya Nobel m'chaka cha 2011.

Nkhondo yachiwiri itatha, likulu la sayansi lidasamukira ku America ndipo chiyankhulo chake chidakhala Chingerezi. George Gamow, Ralph Alpher ndi Robert Herman adamanganso chiphunzitso cha chiyambi chotentha pogwiritsa ntchito fizikisi ya nyukiliya. Fred Hoyle, yemwe ankachitsutsa, ndiye adachipatsa dzina la Big Bang pa wailesi ya BBC mu Malichi 1949. M'zaka za m'ma 1950 mawu akuti lamulo la Hubble adafala m'mabuku, ndipo wolemba aliyense ankangotchula chomwe mnzake wam'mbuyo adatchula. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Robert Merton adadzaipatsa dzina nthenda imeneyi m'chaka cha 1968, naitcha Matthew effect potengera ndime ya mu Uthenga wa Mateyu: wotchuka kale ndiye amalandira ulemu wa ntchito yomwe ambiri adagwira. Lemaître sadalimbane nazo. Adatulutsa buku la atomu yoyamba m'chaka cha 1946, koma mtima wake udali utapita ku makina owerengetsera. M'chaka cha 1958 adabweretsa ku Louvain kompyuta ya Burroughs E101, ndipo zaka zake zomaliza adazithera pa kuphunzitsa ndi kulemba mapulogalamu.

Unsembe wake nawo udamulemera m'njira ina. Ena ankakayikira kuti chiphunzitso chake ndi buku la Genesis lovekedwa masamu. Mu Novembala 1951 Papa Pius XII adalankhula ngati kuti sayansi yatsimikiza nkhani ya kulengedwa kwa dziko, ndipo Lemaître sadakondwe. Iye ankaumirira kuti chiphunzitso chake sichitsimikiza kapena kutsutsa chikhulupiriro, ndipo wosapembedza angathe kuchilandira popanda kusintha maganizo ake. Papa atalankhulanso kwa akatswiri a zakuthambo ku Rome m'chaka cha 1952, sadabwereze mfundo ija. M'chaka cha 1960 Lemaître adasankhidwa kukhala mtsogoleri wa Pontifical Academy of Sciences, udindo womwe adakhala nawo mpaka imfa.

M'chaka cha 1965 Arno Penzias ndi Robert Wilson a ku Bell Laboratories adalengeza kuti apeza kamphepo ka mafunde a wailesi kochokera mbali zonse za thambo, kutentha kotsalira kwa chilengedwe chili chakhanda. Zotsalira zomwe Lemaître adazifunafuna m'ma cosmic ray zidapezeka kwina. Wothandizira wake Odon Godart adamufikitsira uthengawu ali chigonere ndi khansa ya m'magazi. Adamwalira ku Louvain pa 20 Juni 1966, patatsala mwezi umodzi kuti akwanitse zaka 72.

Voti ya 2018 siidakondweretse onse. Anthu 20 mwa 100 aliwonse adakana, ndipo akatswiri ena a mbiri ya sayansi adafunsa kuti ngati cholinga ndi chilungamo, nanga Slipher, yemwe miyeso yake idadyetsa mapepala onse awiri, wasiyidwiranji, nanga Friedmann. Chigamulocho chidali langizo chabe, losakakamiza aliyense, ndipo olemba ambiri akupitirizabe ndi dzina lakale. Nambala yomwe amuna awiriwa adayeza nayo idasintha kwambiri. Walter Baade m'chaka cha 1952 ndi Allan Sandage m'chaka cha 1958 adaonetsa kuti mitunda yakale idali yaifupi mopitirira, ndipo lero akatswiri akukangana ngati nambalayo ili pafupi ndi 67 kapena 73. M'masamu, chilembo choimira nambalayi chikadali H.